Maola khumi pa sabata

 Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndiye ndabwera ndi nkhani ya ganyu. Musafulumire kudutsa, abale. Ganyu amene ndikunena ndi wa mwana wa ku koleji, uja anakhoza bwino Fomu 4, dzina lake n'kutuluka pa mndandanda wa osankhidwa, koma kwawo ngakhale ya thiransipoti yokha ikuvuta. Funso langa ndi limodzi: bwanji makoleji athu osakhala ndi ntchito zing'onozing'ono, za maola owerengeka pa sabata, zosungira ana ovutika okhaokha, kuti azigwira uku akuphunzira n'kumapeza ya chakudya ndi lendi?

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Mukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M1, mukafika pa Mponela m'boma la Dowa, mumakhotera kudzanja lamanja n'kuyamba kukwera zitunda. Ndi dziko lozizira bwino, la anthu olimbika khasu. Timalima fodya, soya, mtedza, chimanga ndi nyemba, m'madimba muli mbatatesi ndi kabichi. Koma ndalama kwathu ili ndi nyengo yake ngati mango. Imaoneka kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, fodya akapita ku okushoni ku Kanengo, mavenda atapachika masikelo awo m'mitengo kugula soya ndi mtedza. Ikamafika Novembala yonse yathera ku feteleza ndi mbewu. Januwale ndi Febuluwale ndiye musafunse n'komwe, nkhokwe zambiri zimakhala zili pululu, akuluakulu ali kukapalira m'minda ya eni kuti apeze ndowa ya chimanga.

Koleji siyendera kalendala ya mlimi. Semesita ikatsegula, yatsegula basi. Mwini nyumba amene mwana akuchitako lendi safunsa ngati fodya wauma m'chigafa kapena ayi. Mimba nayo sidikira msika.

Inu a ku Dowa ndi ku Ntchisi mukudziwa m'mene zimakhalira tsiku limene bungwe la NCHE latulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Mwana wa pa CDSS ya kuseri kwa phiri, amene anaphunzira sayansi osaonapo labu, akapeza malo ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Blantyre, imakhala nkhani ya mudzi wonse. Nthungululu kuli konse, amfumu kudzamugwira chanza, kutchalitchi kumuimiritsa kutsogolo. Pakangopita masiku atatu nthungululu zimazirala. Bambo ndi atsibweni amakhala pansi pa mtengo kuwerengetsa: mbuzi zilipo zingati, mabelo atuluka angati chaka chino, njinga ija tingagulitse zingati. Nthawi zambiri ya semesita yoyamba imapezeka, chifukwa aliyense ali ndi moto. Vuto limayamba semesita yachiwiri, mbuzi zitatha.

Akuluakulu amene anaphunzira ku yunivesite m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amatiuza kuti iwo ankagona m'hositelo, kudya katatu pa tsiku ku kafeteriya, n'kulandiranso kangachepe ka m'thumba. Nthawiyo ophunzira anali ochepa. Lero achuluka, zomwe ndi zabwino, koma mahositelo sanachuluke nawo, ndipo chakudya aliyense amadzionera yekha. Amene munaphunzira ku Zomba mukuidziwa Chikanda, kumene ana amapanikizana m'kachipinda kamodzi atatu kapena anayi, mbaula pakhomo, mabuku pamphasa. Koleji iliyonse ili ndi Chikanda chake.

Boma silinangokhala chete, tisaname. Mu 2015 linakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, lija la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo ana ambiri amaliza sukulu chifukwa cha ngongoleyi. Koma si onse opempha amene amalandira, ndipo amene walandira, ya chakudya simufikitsa kumapeto a chaka. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ufa, makala, sopo, lendi, kusindikiza asayimenti, zonse zinalumpha. Ndiponso ngongole ndi ngongole, tsiku lina idzafunidwa.

Ndiye ana amenewa amatani? Amagwira ganyu. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino: nkhani yoti mwana wa ku koleji azigwira ntchito si yachilendo ayi, akugwira kale. Wina akugulitsa mayunitsi, wina akuoda kaunjika n'kumayenda naye m'mahositelo, wina akuluka anzake tsitsi mpaka pakati pa usiku, wina wabwereka njinga akupalasa kabaza, wina akuphunzitsa ana a mabwana m'mayadi. Palinso ganyu wina amene sitimutchula pagulu. Kulembera ena ma asayimenti kuti akupatse ya ndiwo. Atsikana ena kugwa m'manja mwa azibambo a magalimoto amene amadziwa bwino lomwe kuti pakati pa semesita njala yafika pati. Musaweruze msanga. Njala ya pa sukulu ndi yoipa kuposa ya kumudzi, chifukwa kumudzi umalowa m'dimba mwa azakhali n'kuthyola nkhwani, pamene ku tauni ngakhale nkhuni n'zogula.

Ine ndinadutsamo. Chaka changa choyamba ndinkaphunzitsa masamu ana awiri a banja lina, ulendo wa ola lathunthu wapansi kuchoka pa koleji. Anthuwo sanali oipa mtima, koma ndalama inkabwera pamene iwo akumbukira. Ukafunsa, ankati, “Aphunzitsi, bwerani Lachisanu.” Lachisanu likafika, bwana apita ku msonkhano ku nyanja. Chopweteka kwambiri chinali chakuti mayeso a anawo ankagwa nthawi imodzi ndi mayeso anga, ndiye sabata imene ndinkafunika kukhala mu laibulale ndi imenenso iwo ankandifuna tsiku lililonse.

Mesho wanga anali wa cha ku Mvera, mnyamata wanzeru kuposa ine kutalitali. Iye ankapalasa kabaza madzulo ndi njinga ya eni, mwini njinga kutenga gawo lake kaye. Ankabwera usiku miyendo ikunjenjemera, m'mawa m'kalasi tulo. Chaka choyamba analemba sapu, anapulumuka. Chaka chachiwiri anamuwida. Tsiku limene ankanyamula chikwama chake anangoti, “Mesho, mabuku ndakusiyira.” Lero ali kumudzi, akulima, ali ndi banja lake, ndipo sadandaula pagulu. Koma ine ndikamva anthu akunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, ndimakumbukira miyendo ija.

Chimene chinandipulumutsa ine chinali chaching'ono. Mphunzitsi wina wa m'dipatimenti yathu, mayi wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anandiitana tsiku lina n'kundifunsa kuti, “Iwe, umadya kuti?” Nditafotokoza, anandipatsa ntchito yosanja mabuku ndi mapepala a kafukufuku mu ofesi mwake, kenako kulowetsa manambala mu kompyuta. Maola awiri, masiku anayi pa sabata, pa nthawi imene ndinalibe kalasi. Mwezi ukatha ankandilipira za m'thumba mwake, osadumphitsa tsiku. Sabata ya mayeso ankanditsekera chitseko yekha, amvekere, “Pita ukawerenge, mapepalawa sathawa.” Ndalamayo inali yochepa kuposa ya kwa mabwana kuja, koma ndinkadziwa tsiku lake, ndiye ndinkatha kuuza mwini nyumba kuti pa 30 ndikupatsani, n'kumupatsadi.

Mwaona kusiyana kwake? Ntchito yonse ndi thukuta, koma iyi inali ndi zinthu zitatu zimene ganyu wa kunja alibe. Maola ake anali ndi malire ndipo ankapatsa ulemu nthawi ya kalasi. Malo ake anali pa sukulu pomwepo, osataya maola awiri pa msewu. Malipiro ake anali ndi tsiku. Kuwonjezera apo ndinaphunzira kompyuta, imene kwathu ndinali ndisanaigwirepo. Koma taganizani: zonsezi zinadalira mtima wa munthu mmodzi amene anandiona mwangozi. Mesho wanga sanaonedwe ndi aliyense. Tsogolo la mwana lisamadalire mwayi wotere. Chimene mayi uja anachita ndi chikwama chake, koleji ingachichite ndi ndondomeko.

Kunja kuno ena anazikonza kalekale. Ku America, mu 1964, boma linakhazikitsa pulogalamu yotchedwa Federal Work-Study pansi pa lamulo lolimbana ndi umphawi. Imayenda chonchi: wophunzira amalemba fomu yoonetsa m'mene kwawo kulili pa chuma, ndipo akapezeka kuti ndi wosowa, amaloledwa kufunsira ntchito ya maola ochepa, kawirikawiri pa koleji pomwepo, monga mu laibulale, mu labu kapena mu ofesi. Gawo lalikulu la malipiro limachokera ku boma, lotsalalo koleji kapena bungwe limene lamulemba. Ntchito zina zimakhala zothandiza anthu a m'dera, monga kuphunzitsa ana a ku pulayimale kuwerenga. Ndalamayo si ngongole, waigwirira ntchito, ndi yake.

Komweko kuli koleji ina yotchedwa Berea, m'chigawo cha Kentucky, imene inayamba mu 1855. Imalandira ana ochokera m'mabanja osauka, ambiri a iwo a m'mapiri a Appalachia, anthu a kumapiri ngati ife tomwe. Salipiritsa fizi ya maphunziro, koma wophunzira aliyense amagwira ntchito maola osachepera khumi pa sabata: kumunda, kukhitchini, ku ukalipentala, m'maofesi. Poti aliyense amagwira, palibe woseka mnzake. Ku Tuskegee nako, sukulu ya anthu akuda imene Booker T. Washington anaitsegula mu 1881 ku Alabama, ophunzira ankaumba njerwa okha n'kumanga nyumba zophunziriramo, ntchitoyo n'kumawachepetsera zolipira.

Mwina mukuti, aaa, zimenezo ndi za kwa azungu, ali ndi ndalama. Chabwino, tiyeni tibwerere kwathu. Sukulu inafika m'mapiri a Dowa kudzera ku mishoni ya Mvera, imene inatsegulidwa mu 1889 m'dziko la Mfumu Chiwere, ndi ya Kongwe mu 1894, kumene lero kuli sekondale ya Robert Blake. M'masukulu a mishoni za nthawi imeneyo buku ndi ntchito ya manja zinkayendera limodzi: ulimi, ukalipentala, kuumba njerwa. Agogo athu ambiri amene anadziwa kulemba anadutsa njira imeneyo. Ndipo m'masiku athu ano, kuyambira nthawi ya MASAF m'zaka za m'ma 1990, boma lakhala likulemba mabanja ovutika m'midzi kuti alambule misewu, akumbe migula, adzale mitengo, n'kuwalipira. Pamenepo mfundo ndi yomweyi: wosowa apatsidwe ntchito ya masiku owerengeka kuti apeze ndalama mwaulemu. Ngati tikutha kuchitira mayi wa ku Malomo kapena ku Madisi, chikutikanika n'chiyani kuchitira mwana wake amene ali ku Bunda? Boma lilinso ndi pulogalamu yotumiza omaliza maphunziro ku maofesi kuti akaphunzire ntchito akulandira kangachepe. Ndi yabwino, koma imapeza okhawo amene awoloka kale. Amene akumira pakati pa mtsinje siwafikira.

Tsono ndisakunamizeni kuti ndi nkhani yophweka. Pali minga zingapo, ndipo ndi bwino tizitchule.

Munga woyamba ndi manyazi. Ife tinakula tikuona ntchito ya manja pa sukulu ngati chilango. Wachedwa, katchetche udzu. Walongolola m'kalasi, kakumbe dzenje la zinyalala. Wathawa sukulu, kazule chitsa. Ndiye mwana akafika ku yunivesite amaganiza kuti khasu ndi tsache walekana nazo mpaka kalekale, ndipo akaona mnzake akukolopa mu labu amayesa watsika. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akapita ku Johannesburg kapena ku Dublin amatsuka mbale mu lesitilanti osachita manyazi, n'kutumiza zithunzi pa Facebook. Manyazi athu ndi a pamaso pa odziwana nawo basi. Mankhwala ake ndi kuika ntchito zimene aliyense angazisirire, zokhala ndi kalata ya umboni pamapeto, yoti pofunsira ntchito uzikaonetsa kuti ndinagwirapo zaka ziwiri mu laibulale kapena pa famu ya koleji. Olemba ntchito onse amafuna luso la zaka zingapo kwa mwana amene wangotuluka kumene. Nanga alitenga kuti?

Munga wachiwiri ndi wosankha. Tonse tikudziwa zimene zimachitika mayina a makuponi a feteleza akamalembedwa. Pulogalamu yosungira osowa ikangoyamba, tsiku lomwelo aliyense amasanduka wamasiye. Mwana wa bwana amabwera ndi kalata ya amfumu yodindidwa bwinobwino, pamene wovutika weniweni, amene alibe ya thiransipoti yokatengera kalatayo, amatsala. Apa pamafunika maso ambiri. Mayina azikhomedwa poyera. M'komiti muzikhala ophunzira anzawo, chifukwa iwo ndi amene amadziwa amene amagona ndi njala, amene nthawi ya nkhomaliro amanamizira kuwerenga. Aziyang'ananso sukulu imene mwana anachokera: wa pa CDSS ya kumudzi ndi wa pa sekondale yolipira mamiliyoni sangakhale pa mzere umodzi.

Munga wachitatu ndi anthu amene akugwira kale ntchito m'makoleji: okolopa, olima maluwa, alonda, ophika. Nawonso ali ndi ana, ena mwa iwo ndi ochokera kwathu komwe kuno. Tikati ophunzira atenge ntchito zawo kuti koleji ipulumutse ndalama, tangosamutsa njala kuichotsa nyumba ina kuipititsa nyumba ina. Ntchito za ophunzira zikhale zimene panopa palibe akuzigwira, ndipo zilipo zambiri. Laibulale kutseka mochedwa nthawi ya mayeso. Kuthandiza a chaka choyamba amene sanagwirepo kompyuta. Kuwerengera anzawo osaona, kukankha njinga za olumala. Kusamala nazale ya mitengo. Kujambula mapepala akale kuti asungidwe mu kompyuta asanadyedwe ndi chiswe. Kuthandiza aphunzitsi pa kafukufuku.

Munga wachinayi ndi maola. Ntchito ikapitirira malire imadya sukulu, ndipo tabwerera kwa mesho wanga uja. Maola khumi pa sabata ndi okwana. Sabata ya mayeso, zii. Amene magiredi ake ayamba kutsika, amuchepetsere maola koma asamuchotse, chifukwa kumuchotsa ndi kumubwezera ku kabaza.

Nanga ndalama zichokera kuti? Funso labwino. Makoleji ali ndi mafamu, malo ogona alendo, maholo ochititsa maukwati, mapulojekiti a kafukufuku olipiridwa ndi mabungwe akunja. Kagawo kochepa ka zimenezi kangalipire ana angapo. Makampani amene amapereka mphoto kwa okhoza bwino pa tsiku la gilajuweshoni angathenso kulipirira maola a mwana amene akufuna kungofika pa tsikulo. Palinso thumba la chitukuko cha m'dera, la CDF. Tangoganizani ana a ku yunivesite ochokera ku Ntchisi ndi ku Dowa, pa holide, atatumizidwa ku ma CDSS a kwawo kukathandiza a Fomu 4 masamu ndi sayansi, n'kulipidwa pobwerera ku sukulu. Mwana wapeza ya lendi, sukulu yapeza mphunzitsi wa masabata angapo, ndipo ang'ono ake aona ndi maso kuti munthu wa m'mudzi mwawo angathe kufika ku Zomba. Ndalama yomweyo yagwira ntchito katatu.

Ndipo ife tomwe, a m'gulu lino? Tisamangoloza boma. Uthenga wa maliro ukangogwa pa gulu la WhatsApp la anthu a kwathu, m'maola awiri ya bokosi yakwana, ya galimoto yonyamula thupi kuchoka ku Lilongwe yakwananso. Ndi mwambo wabwino, tisausiye. Koma uthenga woti mwana wa uje akufuna kusiya sukulu chifukwa cha lendi umangolandira timanja topemphera. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambiri a inu muli ndi shopu, ofesi, sukulu ya mkaka, famu ya nkhuku, kapena mulu wa malisiti umene mwakhala mukuti mudzausanja. Ena ndinu olemba, muli ndi zolemba pamanja zofuna kutayipidwa. Pafupi nanu pali koleji, ndipo m'kolejimo muli mwana amene lero wadya kamodzi.

Mukamutenga, chitani zinthu zitatu zija. Mufunseni ndandanda ya makalasi ake musanamuuze maola. Musamutume kutali kapena kumusunga mpaka usiku, makamaka ngati ndi mtsikana, ndipo musayembekezere china chilichonse kwa iye kupatula ntchito imene mwagwirizana. Mulipireni pa tsiku limene munanena, ngakhale ikhale yochepa. Akamaliza, mulembereni kalata yabwino. Simukumuchitira chifundo chokha ayi, ntchito yanu yagwirika, ndipo iye sadzayenda moweramitsa mutu akakuonani, chifukwa palibe chimene anapempha.

Amene muli m'makoleji, aphunzitsi ndi a mabungwe a ophunzira, nkhaniyi ikafikeni ku misonkhano yanu. Musayambe ndi ana chikwi. Yambani ndi khumi m'dipatimenti imodzi, semesita imodzi, muone ngati sakhoza bwino. Mwana wa ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi ntchito saiopa, anayamba kusoka fodya ali Sitandade 3, anasenza mitolo ya nkhuni kutsika nayo phiri asanapite ku sukulu m'mawa. Akusowa ntchito imene ingamusiyire nthawi yowerenga.

Inu amene munadutsa ku koleji movutika, munkagwira ganyu wanji, ndipo anakuthandizani kapena anakudyerani sukulu? Tiuzeni, ena aphunzirepo. Sabata yamawa alemba wina, ine ndakhala pansi.